Munthu Womaliza wa ku Padipi

Amuna awiri anabwera Lachiwiri m'mawa ndi chitini cha penti wofiira, nalemba mtanda waukulu pakhoma la nyumba yathu. Ine ndinali pakhomo kuchapa, atate ali pa kampando kawo kumeta ndevu. Moni sanatipatse. Atamaliza kulemba ndi pamene wamkuluyo anatembenuka n'kutiuza kuti msewu watsopano wa m'Chawama udzadutsa pabalaza pathu penipeni, ndipo giledala, chigalimoto chosalaza misewu chija, ifika mvula isanagwe.

Munali mu 1976, chaka chimene makomboni a mu Lusaka anayamba kulambulidwa misewu ndi kuikidwa mipopi. Sitinadandaule kwenikweni. Aliyense wogumulidwa nyumba ankapatsidwa puloti ina kumapeto kwa komboni, bola akaonetse reji yake ku ofesi ya nyumba. Reji ndi chitupa chobiriwira chija chosonyeza kuti munthu ndi nzika ya Zambia. Nyumba inali m'dzina la atate, a Josiah Kamanga, amene anaumba okha njerwa zake akaweruka ku ntchito ya ulonda. Ine, Maud, ndinabwereramo ndi ana anga awiri banja litatha. Motero puloti ikanatiphonya, tonse anayi tikanagona pa msewu watsopanowo.

Kalaliki wa ku ofesiyo anali a Chishimba, mwamuna wa kumpoto wovala suti ya safari, wa ulemu wake ndithu. Anatenga reji ya atate, naitembenuza, naitembenuzanso.

“Ba shikulu, reji yanu ili na vuto,” anatero, powatchula agogo m'chinenero cha kwawo. “Apa pa munzi balemba Padipi, koma pa mfumu palibe vilivonse. Manje ine nizalemba chani?”

“Musalembe kanthu,” anayankha atate. “Padipi kulibe mfumu. Si mudzi, ndi tauni.”

Nditaona atate akuika chipewa pabondo ndinadziwa kuti tsiku lapita. Kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu wofika panja, koma atate akayamba za Padipi saona mzere, saona dzuwa. Nkhaniyo ine ndinaimva kuyambira ndili kumbuyo kwa malemu amayi, ndipo ndingathe kuinena ngakhale ndili m'tulo.

Padipi ili kum'mawa, pamsana pa chitunda chachitali chimene chimalekanitsa Zambia ndi Malawi. Azungu pogawana dziko sanavutike ndi kuyeza: anangoti mvula ndiyo iweruze. Madzi otsikira kumadzulo, opita ku Luangwa, kumeneko n'kuno kwathu. Otsikira kum'mawa, n'kwa anzathu. Mu 1912 kutagwa chigodola, matenda a ng'ombe aja, mzungu wina amene anthu ankamutcha Bwana Chipewa anakumba dipi pamsanapo n'kutchinga njira ndi mtengo. Ng'ombe iliyonse yodutsa inkayenera kusamba m'dipimo ndi kudikira masabata atatu. Eni ng'ombe anamanga misasa yodikiriramo. Amayi anabwera kudzawagulitsa mowa ndi chakudya. Amene ng'ombe zawo zinafera pomwepo anachita manyazi kubwerera kwawo chimanjamanja, nangokhala. Kenaka kunabwera Mmwenye ndi sitolo, Ayao ndi makina osokera, Asena othawa chibalo cha Apwitikizi, Atumbuka, Ansenga, Angoni. Onse anali alendo, ndiye panalibe woti n'kulamula mnzake. Panali kapitawo wa dipi basi, ndipo kapitawo woyamba anali agogo anga.

“Pamene ndinkachoka ine, mu 1948, tinalipo anthu mazana anayi ndi khumi ndi awiri,” anatero atate. “Ndinawerenga ndekha, nyumba ndi nyumba. Sukulu inalipo, positi inalipo, chigayo chinalipo.”

A Chishimba anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene ine mwana wawo ndinali nditasiya kalekale. Kenaka anatulutsa mapu m'kabati n'kuwayala patebulo. Anayendetsa chala m'mbali mwa malire, kutsika, kukwera.

“Sinikuionapo.”

Atate anawerama, naika chala chawo pamzere wofiira wa malirewo. Mzerewo unali wonenepa ngati chala chenicheni.

“Ili apa, pansi pa mzere. Anaikwirira ndi inki.”

“Pansi pa layini,” anatero a Chishimba. “So ingakhale ku Zambia, ingakhale ku Malawi.”

“Ine ndinabadwira kuseri kwa dipi. Madzi a m'dipi ankatayikira kumadzulo. Ndili mwana ndinkawatsatira.”

“Ba shikulu, sindine nakana. Ma puloti ni ya ma Zambian chabe, ndipo banatiuza ati reji iliyonse yamene ilibe mfumu tiyambe tafufuza, chifukwa zabodza zapaka. Leteni bantu babili bamene banabadwila kwamene uko, babwele na mareji yao yolembewa Padipi. Bakasaina, puloti ni yanu.”

Atate anatuluka akumwetulira. Anthu awiri? Iwo ankadziwa a ku Padipi makumi asanu ndi limodzi kudza atatu okhala mu Lusaka momwemu, ndipo ankawadziwa mayina, mayina a makolo awo ndi mbali ya chitunda imene aliyense anabadwira. Pamaliro a wa ku Padipi aliyense atate ndiwo ankanena mbiri. Nanenso ndinati nkhani yatha.

Tinayamba ku Matero, kwa mayi wina amene makolo ake anali ndi chigayo chija. Anatilandira ndi manja awiri, anaphika tiyi, iwo ndi atate anaseka za mmene ali ana ankathirira madzi pamsana pa chitunda kuti aone dziko limene apite. Atate atatchula za reji, mayiyo anakumbukira mwadzidzidzi kuti reji yake ili ndi mwana wake ku Kitwe. Ku George tinapeza mwini nyumba atachokapo, ngakhale njinga yake inali pakhonde. Ku Kalingalinga anatiuza kuti tibwere mawa, mawa lake anati tibwere Loweruka. Masiku asanu ndi anayi tinayenda, kuima m'mizere ya basi, fumbi la Okutobala m'mano, tomato wanga akuola pa tebulo kumsika. Kulikonse tinkamwa tiyi ndi kumva kuti madzi okoma ngati a ku Padipi kulibe pa dziko lonse.

Amene anatiuza zoona ndi a Lemmy, kalipentala wa ku Kanyama, mnzawo wa atate wa paubwana. Anaika pansi chopalira matabwa, nalowa m'nyumba, natuluka ndi reji yawo.

“Werengani, amake Petro,” anandiuza, ponditchula dzina la mwana wanga woyamba, Petronella.

Ndinawerenga. Mudzi: Gomeza. Mfumu: Chizombe.

“Gomeza ndiye kuti?” anafunsa atate.

“Ni kumunzi kwa amake a amayi anga, mamailosi makumi awili kuchoka pa chitunda. Ninapondako kamozi chabe, pamalilo. A Josiah, mwaiwala? Mu 1965, pamene tenze kutenga mareji, aliyense akakamba ati Padipi benze kumufunsa mfumu, akakangiwa bamubweza. Tinauzana tonse pa layini paja ati aliyense atchule munzi wa makolo. Tinakuuzani na imwe. Munakana, munakangana na kalaliki mpaka analema, anakulembelani chabe kuti muchokepo.”

“Nonse?”

“Tonse. Olo kwamene kuja, ba sensasi pobwela mu 1969, aliyense anatchula kumunzi kwa makolo. Pa mapepala ya boma, a Josiah, wa ku Padipi ndimwe mweka.”

Atate anakhala pa benchi losamaliza kupala.

“Manje nikabwela kuzakuimilani umboni ati ninabadwila ku Padipi,” anapitiriza a Lemmy, “bazaona reji yanga ikamba vina. Bazanifunsa ati nanga unanama liti, kale olo lelo? Nili na bana basanu na awili mu nyumba muno. Koma njila ilipo. Mukalumbile ati kalaliki wa mu 1965 anaphonya, imwe ndimwe a ku Gomeza, kwa mfumu Chizombe. Ine nizasaina, na mlamu wanga azasaina. Masiku atatu chabe, vasila.”

“Ndikalumbire bodza nditagwira Baibulo?”

“Ni pepala chabe, a Josiah. Mumtima muzankhala a ku Padipi, monga ise tonse.”

Atate anavala chipewa n'kunyamuka osatsanzika. Ine ndinatsala pang'ono kupepesa, kenaka ndinawathamangira. M'basi monse ndinali nditakwiya, ndipo sindinadziwe woyamba kumukwiyira: a Lemmy ndi anzawo amene anauthawa mzinda wawo ndi cholembera koma akumwabe tiyi m'dzina lake, kapena atate amene anauzidwa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo n'kuumitsa khosi.

Usaganize kuti atate anagonja. Masiku awiri anakhala pansi ndi pepala la thumba la simenti ndi pensulo, kujambula Padipi yonse. Anajambula chitunda, dipi, mtengo wotchinga njira, mzere wa masitolo, sukulu imene denga lake limatayira mvula ya kutsogolo ku Zambia ndi ya kumbuyo ku Malawi. Nyumba iliyonse anailemba dzina la mwini wake ndi kuchuluka kwa anthu ogonamo. Anajambulanso timivi tosonyeza kopita madzi. Kunena zoona chinali chinthu chokongola, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri chifukwa cha kukongolako.

A Chishimba anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa za sukulu ija, naseka, nafunsa ngati dipi ikadalipo.

“Ba shikulu, ine nakhulupilila,” anatero. “Zoona, nakhulupilila. Koma fomu ilibe poika mapu. Ifuna munzi, mfumu, na ma witinesi babili. Mundandanda wa ma puloti titseka pa Chisanu sabata ya mawa.”

Tinapita kwa tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, a Kasoma. Anayamba atifunsa makhadi a chipani, tinawaonetsa. Anati amawadziwa atate zaka makumi awiri, ndi munthu wabwino, koma iwo sanalipo pamene ankabadwa. Tinapita ku ofesi ya zitupa m'tauni. Anati tilembe kalata ku boma la kum'mawa, yankho limabwera pakatha miyezi itatu kapena inayi. Atate analembadi kalatayo, masamba asanu, kuyambira pa Bwana Chipewa.

Lolemba giledala inafika. Inayambira kumsika, ndipo pofika Lachitatu nyumba ya anansi athu a Kapembwa inali mulu wa dothi. Iwo anali atasamutsa kale malata awo kupita ku puloti yatsopano, akuimba nyimbo. Madzulo a tsikulo kumpoto kunada bii, mphepo ikununkha mvula. Ndinapeza atate pakhonde akuwonjezera timivi pa mapu awo. Apo m'pamene mtima wanga unaphulika.

“Atate, pa Chisanu ni mkuja. Mwaganiza chani?”

“Ndikudikira yankho la kalata.”

“Yankho izatipeza kuti? Pa mseu? Bana banga bazafunda pepala ya simenti iyi?”

“Maud, munthu sagulitsa kwawo chifukwa cha puloti.”

“Kwanu kuti? Munachokako zaka makumi awili na zisanu na zitatu zapita. Amayi banafa osakuona. Ine sininapondeko, simunatipelekeko olo kamozi. Eni ake bonse banakukana. Ni malo yamene mzungu anakumba chimugodi chosambikilamo ng'ombe, atate, osati Yelusalemu. Kwanu ni pano pamene pali mtanda ofiila, ndipo pa Chisanu sipazankhala.”

Ndinanena zambiri kuposa izi, zina sindifuna kuzikumbukira. Ndinawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuti choona chawocho n'chotsika mtengo kwa iwo chifukwa ogona panja adzakhala ana anga. Atate anapinda pepala lija bwinobwino, panayi, n'kulowa m'nyumba. Ndinatsala pakhonde, ndipo sindinamve chisoni. Chisoni chinabwera pambuyo.

M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale jekete la ku tchalitchi.

“Kaitane Lemmy,” anatero.

Tinapita m'tauni tonse anayi, ine, atate, a Lemmy ndi mlamu wawo. M'basi a Lemmy ankawaphunzitsa atate ngati mwana wa sukulu: Gomeza ili m'mbali mwa dambo, nyakwawa wake ndi wakuti, tchalitchi chili kumtunda. Atate ankabwereza mawu aliwonse osaphonya. Kwa mkulu wolumbiritsa anagwira Baibulo ndi dzanja lamanja, nanena kuti iwo, Josiah Kamanga, anabadwira m'mudzi wa Gomeza kwa mfumu Chizombe, ndipo zolembedwa pa reji yakale zinali zolakwika. Mkuluyo anatipatsa pepala la chidindo loti tigwiritse ntchito podikira reji yatsopano, ndipo yakale ija anaiponya m'bokosi.

Lachisanu m'mawa tinali oyamba pa mzere wa ku ofesi ya nyumba. A Chishimba anawerenga pepalalo, nayang'ana atate, nawerenganso. Analemba dzina m'buku, nambala ya puloti pambali pake, n'kudinda. Zonse sizinathe ndi mphindi zisanu zomwe. Potipatsa kapepala kathu anatsitsa mawu.

“Vayenda bwino, ba shikulu. Koma ine ninauzako bakazi banga za sukulu ija ya mvula ziwili, sibanakhulupilile. Nikazapita ku Eastern nifuna nikaioneko. Ku Padipi munthu ayenda bwanji kuchoka pa mseu ukulu?”

Ndinadikira kuti chipewa chitsikire pabondo. Nthawi imeneyo ndikanamvetsera mpaka madzulo.

“Malo amenewo kulibe,” anatero atate. “Onani pa mapu anu.”

Tinamanga mothamanga, njerwa zakale ndi malata akale, mvula ikutipeza tili pa denga. Nyumbayo ilipo mpaka lero, mpopi uli pafupi, ana anga anakuliramo osagona panja ngakhale tsiku limodzi. Ndikafunsidwa ngati ndinalakwa ndimati ayi, ndipo ndikanachitanso. Koma kuyankha kuti ayi sikunandithandize kugona bwino.

Yankho la kalata ija linabwera mu Febuluwale. Atate analiika pa moto osalitsegula. Mwezi womwewo kunagwa maliro ku Matero, mayi wa chigayo uja. Tinapita. Itakwana nthawi ya mbiri anthu onse anatembenukira kwa atate monga mwa nthawi zonse, ndipo a Lemmy anabwera kudzagwada pambali pawo.

“A Josiah, bantu bayembekeza. Ndimwe muziba vonse va kwathu.”

“Funsani a kwawo,” anatero atate. “Ine ndine wa ku Gomeza. Munasaina nokha.”

Anthu makumi asanu ndi limodzi anayang'anana, ndipo sipanapezeke ndi mmodzi yemwe wodziwa chaka chimene chigayo chinafika, kapena dzina la bambo wa malemuyo, kapena mbali ya chitunda imene anabadwira. Mkulu wa mpingo anangoyambitsa nyimbo.

Pobwerera ndinawapempha atate, koyamba m'moyo wanga, kuti andiuze za Padipi. Ndinati ndikufuna kudziwa nyumba ya agogo inali yachingati kuchoka pa dipi, kuti ndidzauze Petronella. Anandiyang'ana popanda mkwiyo uliwonse.

“Unapeza puloti, mwana wanga,” anatero. “Tiye, basi ikutisiya.”